Chimfine cha mbalame: matenda amene Zambia yakhala ikulondera kuyambira 2006

Ambiri a ife amene timakhala ku Roma, ku Ng'ombe ndi ku Kalundu timadutsa pa University of Zambia pafupifupi tsiku lililonse, tili mu minibasi ya mu Great East Road. Ochepa chabe ndi amene amadziwa kuti mkati mwa kampasi, ku sukulu ya madokotala a ziweto yotchedwa Samora Machel School of Veterinary Medicine, kwa zaka zambiri kwakhala kukufika timabotolo ta zitosi za mbalame zakuthengo. Zitosi zenizeni, zotoledwa m'matope a ku Lochinvar. Amazitolera pofuna kufufuza matenda amene pa wailesi timawatcha bird flu, chimfine cha mbalame.

Mbiri ya matendawa kuno kwathu ndi yachilendo pang'ono. Mtundu wake woopsa, umene umatha kupululutsa khola lonse m'masiku awiri kapena atatu, unafika ku Nigeria, ku Uganda, ku Congo, ku Zimbabwe, ku South Africa ndi ku Mozambique. M'zaka zonsezo, kuyambira 2006 mpaka 2023, sitinamve boma lathu likulengeza kuti wapezeka mu nkhuku za mu Zambia. Ndiye tili ndi mbiri ya mlendo amene wakhala akuzungulira mpanda, ndi ya anthu amene akhala akumulondera. Funso limene likutikhudza ife a mu Lusaka, makamaka amene timasunga ma broiler kuseri kwa nyumba, ndi lakuti mlonda weniweni ndani.

Matendawa si atsopano. Mu 1878 dokotala wa ziweto wa ku Italy, Edoardo Perroncito, analemba za mliri umene unkapha nkhuku mwamsanga kumpoto kwa dzikolo. Panapita zaka zambiri, mpaka 1955, kuti katswiri wa ku Germany, Werner Schäfer, asonyeze kuti kachilombo kake ndi ka banja limodzi ndi ka chimfine cha anthu. Ndipo Africa ili m'mbiri imeneyi kuyambira kale: mu 1961 mbalame za kunyanja zotchedwa tern zoposa 1,000 zinafa m'mphepete mwa nyanja ku South Africa, ndipo kumeneko kunali kuyamba kupeza kachilomboka mu mbalame zakuthengo.

Mayina ngati H5N1 amaopseza anthu, koma tanthauzo lake ndi losavuta. Pamwamba pa kachilombo pali tinthu tamitundu iwiri, H ndi N. Mu mbalame muli mitundu 16 ya H ndi 9 ya N, ndipo imatha kusakanikirana m'njira zambiri. Abakha ndi atsekwe akuthengo amakhala ndi tizilombo timeneti m'matumbo mwawo osadwala, n'kumatitaya m'madzi kudzera m'zitosi. Mitundu yambiri ndi yofatsa. Iwiri yokha, H5 ndi H7, ndi imene imadziwika kuti ikalowa m'khola lodzaza nkhuku n'kumadumpha kuchoka pa ina kupita pa ina, imatha kusintha n'kukhala yakupha.

Dziko lonse linadzidzimuka mu 1997. Ku Hong Kong anthu 18 anadwala H5N1, ndipo 6 anamwalira. Kumapeto kwa Disembala chaka chomwecho boma la kumeneko linapha nkhuku zonse za mumzindawo, zoposa miliyoni imodzi, m'masiku ochepa chabe. Mkulu wa zaumoyo pa nthawiyo anali Margaret Chan, amene pambuyo pake anadzakhala mtsogoleri wa WHO. Matendawa anabwereranso mu 2003 ndi 2004 ku Vietnam, ku Thailand ndi m'maiko ena a ku Asia. Mu 2005 mbalame zakuthengo zikwizikwi zinafera pa nyanja ya Qinghai ku China, ndipo kuchokera pamenepo kachilomboka kanayamba ulendo wolowera kumadzulo, ku Russia, ku Turkey ndi ku Europe.

Kenako kanafika pa Africa. Pa 8 Febuluwale 2006 kunalengezedwa kuti H5N1 yapezeka pa famu ya nkhuku ku Jaji, m'chigawo cha Kaduna ku Nigeria. Tiime pang'ono pa nkhani ya Nigeria, chifukwa ili ndi zambiri zofanana ndi zathu. Nkhuku pa famuyo zinayamba kufa pa 10 Januwale. Panapita pafupifupi mwezi wathunthu kuti labu ya ku Padova, ku Italy, itsimikize chimene chinkazipha. M'mwezi umenewo magalimoto a nkhuku sanaime, misika sinatsekedwe, ndipo ambiri ankaganiza kuti ndi matenda a nkhuku amene anawazolowera kale. Boma litayamba kupha nkhuku za m'mafamu okhudzidwa, linalonjeza kulipira 250 naira pa nkhuku imodzi. Alimi anadandaula kuti ndalamazo n'zochepa poyerekeza ndi mtengo wa pamsika. Munthu amene akudziwa kuti akanena adzataya zambiri kuposa akakhala chete, amasankha kukhala chete n'kugulitsa mwamsanga. Chaka chisanathe, matendawa anali atapezekanso ku Egypt, Niger, Cameroon, Burkina Faso, Sudan, Côte d'Ivoire ndi Djibouti. Mu Januwale 2007 mayi wina wachitsikana anamwalira nawo ku Lagos.

Ife amene tili m'zaka za m'ma 30 tinali ku sekondale nthawi imeneyo. Tikukumbukira zithunzi za pa TV za anthu ovala zoyera kuyambira kumutu mpaka kumapazi akuponya nkhuku m'maenje, ndi mmene makolo ena anayamba kukayikira ndiwo ya pa Sande. Mantha ambiri anali opanda maziko, chifukwa nyama ya nkhuku ndi mazira zikapsa bwinobwino, kufika madigiri 70, kachilomboka kamafa. Amene ali pa ngozi ndi wosunga, wopha ndi wosesa khola. Wakudya nkhuku yophikidwa bwino alibe chifukwa choopera. Ife a pa wailesi tiyenera kuzisamala kwambiri zimenezi, chifukwa liwu limodzi lolakwika pa maikolofoni likhoza kugwetsa bizinesi ya mayi wa pa msika amene nkhuku zake zilibe vuto lililonse.

Chaka chomwecho cha 2006 ndi pamene ofufuza anayamba kutola zitosi ku Lochinvar National Park, kufupi ndi Monze, m'dambo lalikulu la Kafue Flats. Malowa sanawasankhe mwangozi. Ku Lochinvar kuli mitundu ya mbalame yoposa 400, ndipo mvula ikamayandikira, cha mu Okutobala ndi Novembala, kumafika mbalame zochokera ku Europe ndi ku Asia zothawa chisanu cha kwawo. Zimadya ndi kumwa pamodzi ndi abakha ndi atsekwe a konkuno, n'kubwerera cha mu Malichi ndi Epulo. Ngati kachilombo ka ku Siberia kangafike mu Zambia pa mapiko, malo ngati amenewa ndiwo khomo lake.

Ntchitoyi inachitika mogwirizana ndi Hokkaido University ya ku Japan. Ubale umenewu ndi wakale, pakuti sukulu ya madokotala a ziweto ya pa UNZA inamangidwa ndi thandizo la Japan m'zaka za m'ma 1980, ndipo mu 2007 a Hokkaido anatsegula malo awo ofufuzira matenda ochokera ku nyama kupita kwa anthu pa sukulu yomweyo. Mmodzi wa Azambia amene anatsogolera kafukufuku wa mbalame ndi Edgar Simulundu.

Kachitidwe kake n'kosangalatsa kukamva. Zitosi zatsopano zimaikidwa mu timabotolo ta madzi okhala ndi mankhwala opha mabakiteriya, n'kuzisunga pozizira mpaka zifike ku Lusaka. Ku labu amatenga dzira la nkhuku limene mwanapiye wakula mkati kwa masiku 10 kapena kuyandikira pamenepo, n'kubayamo kadontho ka madzi aja. Ngati muli kachilombo, kamachulukana m'dziramo. Pakapita masiku awiri kapena atatu amatenga madzi a m'dzira n'kuwasakaniza ndi magazi a nkhuku, ndipo kachilombo ka chimfine kamachititsa tizigawo tofiira ta magazi kumatirirana. Pambuyo pake amayeza ndi njira zina, kuphatikizapo PCR imene tonse tinaidziwa nthawi ya Covid, kuti aone kuti ndi H uti ndi N uti.

Kachilombo koyamba anakapeza mu 2006 mu zitosi za vuwo, mbalame yaikulu yoyera ya thumba pansi pa mlomo. Kanali ka mtundu wa H3N6, kofatsa. Mu 2008 ndi 2009 anayeza zitosi zoposa 3,000 n'kupezamo tizilombo 12 tokha, ta mitundu isanu: H3N8, H4N6, H6N2, H9N1 ndi H11N9. Panalibe H5, panalibe H7. Koma atayang'ana mkati mwa tizilomboto anaona kuti makolo ake ndi a ku Europe ndi ku Asia, ndiponso kuti zigawo zina zinali pachibale ndi tizilombo topezeka mu mbalame za ku South Africa, zakuthengo ndi zoweta zomwe. Kunena mwachidule, msewu wa m'mwamba ndi wotseguka, ndipo katundu amadutsamo. Kafukufukuyu anapitirira m'zaka zotsatira, ndipo ofufuza achinyamata ngati Annie Kalonda anayezanso zitosi za mu 2015, 2020 ndi 2021.

Ntchito imeneyi ndi yoyenera kuiyamikira, ndipo n'zomvetsa chisoni kuti ambiri a ife timadziwa mayina a osewera mpira a ku England kuposa a anthu amene amagwira ntchito yotere pafupi ndi kwathu. Koma tinene zoona: labu imayeza zimene yapatsidwa. Ikhoza kudziwa zimene zili mu vuwo wa ku Lochinvar, koma siingadziwe zimene zapha nkhuku 30 usiku umodzi kuseri kwa nyumba ku Chelstone ngati mwini wake sananene.

Apa ndi pamene pakubwera chitopa. Matenda amenewa, amene ena amawatcha chideru ndipo madokotala amawatcha Newcastle, analembedwa koyamba mu Zambia mu 1952 ku Mazabuka. Kuyambira pamenepo akhala nafe chaka ndi chaka, makamaka nyengo yotentha. Agogo athu kumudzi amawadziwa, ndipo ali ndi njira yawo yothana nawo: nkhuku zikayamba kuodzera ndi kugwetsa mapiko, iphani zotsala mudye, zina mugulitse zisanafe. Kwa munthu wosauka imeneyi ndi nzeru, chifukwa amapulumutsako kenakake. Njira imeneyi tinabwera nayo mu tauni.

Vuto ndi lakuti chitopa ndi chimfine cha mbalame zimafanana kwambiri moti ngakhale dokotala wa ziweto sangazisiyanitse ndi maso okha. Zonse ziwiri zimapha mwadzidzidzi komanso zambiri nthawi imodzi. Nkhuku imasiya kudya, imapuma movutikira, imatsegula m'mimba zobiriwira, mutu umatupa, khosi nthawi zina limapindika, ndipo zoikira zimasiya kuikira kapena kuikira mazira a chikamba chofewa. Pa chimfine cha mbalame, kanyama kofiira ka pamutu ndi ka pansi pa mlomo kamatha kuda ngati kapsa, ndipo pa miyendo pamaoneka madontho a magazi pansi pa khungu, koma ngakhale zimenezi si umboni wokwanira. Yankho limachokera ku labu basi. Tsiku limene H5 idzalowe m'khola la mu Lusaka, mwini khola adzanena kuti ndi chitopa, ndipo aneba onse adzavomereza. Katemera wa Lasota amene timaika m'madzi akumwa amateteza ku chitopa chokha. Ndiye ngati nkhuku zinalandira katemera wake bwinobwino koma zikufa mulu, chimenecho ndi chizindikiro chofunika kuthamanga nacho kwa a vetenale.

Chaka cha 2017 chinatisonyeza kuti mlendoyu ali pafupi bwanji. Mu Januwale, mbalame zambiri zinafera m'mphepete mwa nyanja ya Victoria ku Uganda, ndipo mtundu wina, H5N8, unapezekanso mu abakha ndi nkhuku zapakhomo ku Masaka. Miyezi ingapo pambuyo pake unali ku Ituri, kumpoto chakum'mawa kwa Congo. Cha mu Meyi unalowa pa Lanark, famu ya kampani ya Irvine's kufupi ndi Harare. Nkhuku 7,000 zinafa ndipo 140,000 zinaphedwa pofuna kuletsa matendawa kufalikira. Imeneyi inali famu yoswetsa anapiye, yokhala ndi mipanda ndi malamulo okhwima a ukhondo, osati khola la malata akale ngati athu. Zotsatira zake, Zimbabwe inasowa anapiye ndi mazira kwa miyezi. Mu Juni matendawa anapezeka kufupi ndi Villiers ku South Africa, n'kufalikira mpaka ku Western Cape kumene anapha nkhuku zoikira zambirimbiri. Zambia, pamodzi ndi Botswana, Namibia ndi maiko ena, inaletsa kulowetsa nkhuku zochokera ku South Africa.

Kuchokera ku Harare kufika ku Chirundu ndi ulendo wa maola ochepa chabe, ndipo kuchokera pa Chirundu kufika ku Lusaka ndi makilomita osafika 150.

Mu 2023 zinthu zinafika poipa kwambiri kumwera. South Africa inagwidwa ndi mitundu iwiri nthawi imodzi, H5N1 ndi H7N6, ndipo nkhuku pafupifupi 7.5 miliyoni zinaphedwa. Masitolo ena akuluakulu anayamba kuika malire pa mazira amene munthu mmodzi angagule. Abale athu okhala ku Johannesburg ankatumiza zithunzi za mashelefu opanda kanthu pa WhatsApp. Mu Okutobala chaka chomwecho, ku Morrumbene m'chigawo cha Inhambane ku Mozambique, nkhuku zoikira zoposa 45,000 zinaphedwa, kuotchedwa ndi kukwiriridwa. Nkhukuzo zinali zogulidwa ku South Africa. Nkhani imeneyi ndi yofunika chifukwa timakonda kuloza chala mbalame zam'mwamba, pamene nthawi zambiri kachilomboka kamayenda pansi, mu lole, m'makreti, m'matireyi a mazira ndi pansi pa nsapato.

Tiyang'ane mmene timasungira nkhuku mu Lusaka. Ku Kabwata, ku Chelstone, ku Woodlands, ngakhale ku Roma ndi ku Kabulonga kumene mayadi ndi aakulu, bizinesi ya ma broiler ndi imene yalipira renti ndi ma fees a ambiri. Ugula anapiye 50 kapena 100, uwapatsa starter, grower, finisher, ndipo pakatha masabata 6 ndalama yabwera. Kwa wachinyamata wopanda ntchito ndi njira yolemekezeka. Koma taonani makomo amene timasiya otseguka. Wogula amalowa m'khola kukasankha yekha yonenepa, ndipo mwina wachokera m'makhola ena atatu m'mawa womwewo. Makreti amapita ku Soweto Market n'kubwerera osatsukidwa. Nkhuku zimene sizinagulidwe ku msika, zitakhala tsiku lonse pafupi ndi za anthu ena, timazibweza n'kuziphatikiza ndi zinzake. Achibale akatibweretsera nkhuku ya kumudzi kapena bakha, timamuika pafupi ndi khola tsiku lomwelo, pamene bakha ndiye katswiri wonyamula kachilomboka osaoneka kudwala. Zitosi timagulitsa kwa a madimba zisanaole. Nkhuku ikafa, ena amaitaya mu ngalande kapena pa mulu wa zinyalala, agalu n'kuikokera kwa aneba.

Kutseka makomo amenewa sikufuna ndalama zambiri. Nsapato za m'khola zikhale za m'khola mokha, ndipo pakhomo pakhale kabeseni ka madzi a mankhwala opha tizilombo, osinthidwa kawirikawiri, chifukwa madzi akasanduka matope sagwiranso ntchito. Wogula aime panja, mum'tulutsire nkhuku. Waya wa khola ukhale wa maso ang'onoang'ono kuti mpheta ndi nkhunda zisalowe kudzadya chakudya. Mbalame yatsopano ikhale payokha milungu iwiri kapena kuposa. Gulu limodzi likatha, sesani, tsukani, khola lipume musanaikemo anapiye ena. Yakufa musaigwire ndi manja opanda kanthu, valani pulasitiki m'manja, ndipo ngati a vetenale sakuifuna kuti akaiyeze, ikwirireni mozama kapena muiotche. Zonsezi zimatetezanso ku chitopa ndi Gumboro, ndiye phindu lake mumaliona ngakhale chimfine cha mbalame chisanabwere.

Chovuta kwenikweni ndi kunena. Lamulo la Animal Health Act la 2010 limafuna kuti munthu akakayikira matenda oopsa a ziweto adziwitse ofesi ya zaumoyo wa ziweto, ndipo chimfine cha mbalame chili m'gulu la matenda amene dziko liyenera kulengeza ku bungwe la dziko lonse la WOAH, limene kale linkatchedwa OIE. Boma lili ndi labu yake yaikulu, Central Veterinary Research Institute, ku Balmoral cha ku Chilanga. Njira ilipo: mwini nkhuku auza ofesi ya vetenale ya m'boma lake, iwo atenga zoyeza, labu itsimikiza, kenako malo atsekedwa ndipo nkhuku za pamenepo ziphedwa. Pa pepala zikuoneka bwino.

Koma a Lusaka tinaonapo kale mmene kutseka kumawawira. Kumapeto kwa 2013 matenda a nkhumba a African swine fever atabuka m'mafamu ozungulira mzinda, boma linaletsa kuyendetsa ndi kugulitsa nkhumba, ndipo nkhumba zambiri zinaphedwa. Amene ankadalira bizinesi ya nkhumba ndi soseji anafika pa Khirisimasi manja ali m'thumba. Osunga nkhumba ndi ochepa tikayerekeza ndi osunga nkhuku. Tangoganizani lamulo lotero litagwera nkhuku ndi mazira mu Lusaka yense, mu Disembala.

N'chifukwa chake ife tikuona kuti nkhani ya chipukuta misozi iyenera kukambidwa manje, matenda asanabwere. Mnyamata wa ku Ng'ombe amene wakongola ndalama za chakudya cha nkhuku 100, akadzuka n'kupeza 20 zafa, ali ndi maola ochepa oti asankhe. Akhoza kuimba foni ku ofesi ya vetenale, podziwa kuti mwina 80 zotsalazo ziphedwa. Akhozanso kuzipha yekha, kuzisosola n'kuzigulitsa motchipa dzuwa lisanalowe. Ngati sakudziwa nambala yoimbira, sakudziwa ngati adzalipidwa, ndalama zingati, ndiponso patapita nthawi yaitali bwanji, tonse tikudziwa chimene adzachite, ndipo sitingamuweruze. Mafamu aakulu ali ndi madokotala awo ndipo ali mu Poultry Association of Zambia, kumene nkhani zotere zimafika msanga. Wa nkhuku 100 nthawi zambiri dokotala wake ndi wogulitsa mu shopu ya agro, ndi gulu la pa WhatsApp kumene yankho la matenda alionse ndi antibayotiki, amene pa kachilombo ka chimfine sachita kanthu.

Unduna wa Fisheries and Livestock, umene unakhazikitsidwa paokha mu 2015, ukanachita bwino kuika nambala ya ofesi ya vetenale pa shopu iliyonse yogulitsa anapiye ndi chakudya cha nkhuku, pamodzi ndi mawu omveka, m'Chinyanja ndi m'Chibemba, onena zimene mlimi adzalandire nkhuku zake zikaphedwa. Ogulitsa m'mashopu amenewa ndiwo amayamba kumva kuti kwakutikwakuti nkhuku zikufa, chifukwa aliyense amathamangira kwa iwo kukafuna mankhwala. Anthu atatu a m'dera limodzi akabwera sabata imodzi ndi dandaulo lofanana, wogulitsayo ndiye woyamba mu Zambia yense kudziwa, ndipo ayenera kukhala ndi nambala yoti aimbe tsiku lomwelo.